Anzathu akudyera nkhalango ili chiimire, ife tikuidyera m'mbaula

Msuweni wanga amachita geni ya zitenje ndi nsapato. Katundu wake amakapikula ku Kyela ndi ku Mbeya m'dziko la Tanzania, ndipo ulendo wina anandipempha kuti ndimuperekeze poti amuna ake anali atadwala, chonsecho zikwama zimafuna munthu wa mapewa. Ulova wanga mukuudziwa kale awerengi, munthu wolembera nyuzi ngati waganyu alibe bwana womuletsa. Ndinavomera msangamsanga, thiransipoti inali ya eni.

Tinanyamuka ndi basi ya madzulo pa Lilongwe, kudzera ku Kasungu ndi ku Mzuzu, kutsika chitunda cha Chiweta mitima ili m'mwamba, ndipo kunja kunatichera tili ku Karonga. Ukawoloka mlatho wa Songwe nkufika pa Kasumulu chiyankhulo sichisintha kwenikweni, poti Chinyakyusa cha kumeneko ndi Chinkhonde cha ku Karonga ndi pachibale. Chimene chimasintha ndi nthaka. Msewu umayamba kukwera, ndipo pofika pa Tukuyu umakhala ukufunafuna juzi m'chikwama. Uku tiyi, uku nthochi, dothi lakuda bii ngati wina anathiramo phulusa. Ndipo ndi phulusadi, monga ndinadzamva pambuyo pake.

Tsiku lachitatu katundu anali atamangidwa koma galimoto yomutengera ku malire kunalibe. Mnyamata wa pa nyumba ya alendo imene tinagona ku Mbeya, poona kuti ndikungoyasamula pakhonde, anandifunsa m'Chiswahili chosakaniza ndi Chingerezi ngati ndinafikako ku Ngozi. Msuweni wanga atamva anaseka chikhakhali.

"Asuweni, mwachoka ku Nathenje konse kuja kudzafuna ngozi kuno? Pitani nokha, ine ana anga akadali aang'ono."

Mnyamata uja sanamvetse chimene timaseka, mpaka tinachita kumufotokozera kuti kwathu ngozi ndi ija imachitika minibasi ikaphulika tayala.

Ngozi ya kumeneko, imene ena amati Ngosi, ndi nyanja imene ili pamwamba pa phiri, m'mapiri a Poroto, pakati pa Mbeya ndi Tukuyu. Tinatsika pa msewu waukulu nkukwera njinga yamoto kudutsa m'minda ya mbatata ya kachewere mpaka m'mphepete mwa nkhalango. Ndinalembetsa dzina, ndinalipira, anandipatsa risiti, kenaka anandisonyeza mnyamata woti anditsogolere. Apa mpamene ulendo wa miyendo unayambira.

Abale anga, nkhalango ndinaiona tsiku limenelo. Kanjira kake nkakang'ono, kamalowa m'nsungwi, kutuluka, kulowa m'nthochi zakutchire zazitali kuposa denga la nyumba, kenaka m'mitengo ikuluikulu yovala ndere ngati nkhalamba za ndevu. Dzuwa silifika pansi. Nkhungu imangobwera nkukukuta, kenaka nkuchoka yokha. M'mwamba munali anyani akuda a ubweya woyera m'mapewa, michira ili lendee, akutiyang'ana ngati ife ndiye zinyama. Ine nkuti nditavala nsapato zanga za ku tchalitchi, ndipo ndinagwa kawiri m'matope, mnyamata uja akuyesetsa kubisa phwete.

Patatha ola limodzi ndi theka tikupuma wefuwefu, anandigwira mkono nkuti ndiime. Kutsogolo kwathu nthaka inathera pompo. Pansi penipeni, kutsika mamita oposa 150, panali madzi obiriwira ali phee, atazunguliridwa ndi khoma la mitengo mbali zonse ngati madzi a mu mtsuko. Palibe bwato, palibe wochapa, palibe wowedza. Nyanjayi ndi yotalika makilomita awiri ndi theka, m'mimba mwake kilomita imodzi ndi theka, ndipo kuya kwake ndi mamita 74. Ndinangoti kukamwa yasaa.

Ine sukulu ya ukachenjede ndinaisiyira panjira chaka chachiwiri, nkhani ya fizi, koma ndisanachoke ndinali nditamvako phunziro la miyala, ndipo tsiku limenelo linandibwerera lonse. Dziko la Africa likung'ambika pang'onopang'ono kuchokera ku Ethiopia kutsika mpaka kwathu kuno, ndipo nyanja yathu ya Malawi ndi madzi amene anadzaza mu mng'alu umenewo. Kumutu kwa nyanjayi, kumene ming'alu itatu imakumana, moto wa pansi pa dziko unapeza potulukira. Ndiwo unamanga phiri la Rungwe, lotalika mamita 2,981, limene Sapitwa wathu wa ku Mulanje akuliposa ndi mamita 21 okha. Ndiwonso unamanga Ngozi. Zaka zoposa 10,000 zapitazo phirili linaphulika koopsa, mutu wake unagwera mkati, ndipo mvula inadzaza dzenje lotsalalo. Phulusa lija linagwera m'dera lonse, nchifukwa chake nthochi za ku Tukuyu zimabereka mkoko woti kunyamula anthu awiri.

Musaganize kuti moto umenewu unazima. Phiri lina la komweko lotchedwa Kyejo linatulutsa chiphalaphala cha m'ma 1800 momwemu, dzulodzuloli tikamawerenga zaka za miyala. Madzi otentha a pa Chiweta ndi a ku Nkhotakota amatuluka mu mng'alu uja. Chivomerezi cha ku Salima cha pa 10 March 1989, chimene amayi amati chinawagwedeza ali ndi pakati pa ine, ndi zivomerezi za ku Karonga za mu December 2009 zimene zinagwetsa nyumba zambirimbiri, zonsezi ndi mng'alu womwewo ukudzinyolola.

Nyanja zotere m'derali zilipo zingapo. Ina ndi Masoko, kufupi ndi Tukuyu, yozungulira ngati lichero, kumene anthu amasimba kuti Ajeremani pothawa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anataya chuma chawo m'madzi. Kaya nzoona kaya ndi bodza, nthano imeneyi yokha imakoka alendo. M'nkhalango ya Rungwe mulinso nyani wotchedwa kipunji, amene alenje a kumeneko ankamudziwa kalekale koma akatswiri a zanyama anadzamuona mu 2003 nkumulengeza ku dziko mu 2005. Kalembera woyamba anapeza anyaniwa alipo 1,100 ndi kakusefukira. Pofika 2022 anali akuyandikira 2,000, chifukwa misampha ndi macheka zinachepa m'nkhalangomo.

Pobwerera, tikutsetsereka, ndinafunsa mnyamata uja kuti ntchitoyi anaiyamba bwanji. Anati bambo ake ankacheka matabwa m'nkhalango yomweyo, usiku, mothawathawa. Njira zonse anaziphunzira ali mwana powatengera chakudya. Lero akuyenda njira zomwezo masana, chikwama cha mlendo chili kumsana, ndipo akamva kulira kwa sowo amakanena, poti mtengo ukagwa ndiye kuti wina wamubera msika. Sanandinamize kuti walemera. Anati nyengo ya mvula alendo amasowa ndipo amadalira munda wa mbatata. Sanabisenso kuti odula mitengo alipobe. Koma nkhalango ija kwa iye ndi ofesi.

Ndinafika kwathu ku Nathenje mbandakucha wa Lachisanu, ndipo Loweruka ndinapita ku msika wa Mitundu. Amene mumayenda msewu wochokera ku Mitundu kudzera pa Bunda kulowa m'tauni mukudziwa chimene mumakumana nacho m'mamawa. Njinga, njinga, njinga, iliyonse matumba atatu kapena anayi a makala osanjikiza mpaka kupitirira mutu wa mwini wake, wina akukankha pa chitunda thukuta lili kamukamu, wina wagona m'mbali mwa msewu poti wayenda usiku wonse. Ndakhala ndikuziona kuyambira ndili mwana ndipo maso anazolowera. Tsiku limenelo ndinaziona ngati mlendo. Ndinati mumtima, iyi ndi Dzalanyama ikupita ku Lilongwe pa njinga.

Dzalanyama inakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000, kuyambira ku Dedza, kudutsa kumwera ndi kuzambwe kwa Lilongwe mpaka ku Mchinji, motsata malire a Mozambique. Mtsinje wa Lilongwe umayambira mmenemo, wa Diamphwe chimodzimodzi. Madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la 1989, amadikira madzi ochokera m'mapiri amenewa. Mzinda wa Lilongwe, umene pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu pafupifupi 990,000, umamwa Dzalanyama. Mpopi wa ku Area 47, wa ku Kawale, wa ku Capital Hill, gwero lake ndi limodzi.

Mtengo wa mombo kapena tsamba ukakhala chiimire, mvula imagwera pa masamba, kutsikira pansi mwaulemu, kulowa m'nthaka, nkumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka October. Ukaudula, madzi amathamanga tsiku limodzi atanyamula dothi, dothi lija nkukakhala m'damu, mtsinje nkuphwa mu August. Izi sizifuna digiri, agogo athu amazidziwa. Boma nalo likudziwa, nchifukwa chake mu 2015 linatumiza asilikali a nkhondo kukalondera nkhalangoyi, ndipo mu 2020 aphungu anakhwimitsa lamulo la nkhalango la 1997 kuti wootcha kapena kugulitsa makala popanda chiphaso alandire chilango chowawa. Koma njinga zija zikuyendabe. Zinangosintha nthawi yonyamukira.

Atsibweni anga ena a kufupi ndi nkhalangoyi anaotchapo makala zaka zambiri mpaka msana unawakana. Nditawafotokozera za ulendo wanga, anandimvetsera mpaka kumapeto, fodya wawo wa chingambwe akufuka, kenaka anati:

"Mphwanga, iwe ukalemba m'nyuzimo umatitchula ife owononga. Nanga makalawo timadya ndife? Pita ku Area 25 madzulo ukawerenge mbaula. Bwana amene amatigwira pa rodibuloko, kunyumba kwake nsima amaphikira chiyani?"

Ndinalibe poyankha, ndipo mpaka lero ndilibe. Kalembera wa 2018 yemweyo anasonyeza kuti mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, ngakhale a makuka a magetsi anatsitsa mbaula pa denga. Ine ndemwe ndikulemba pano, tiyi wanga wa m'mawa uno wawira pa makala. Ndiye tisamanamizane kuti vuto ndi munthu wa njinga yekha. Iye amalandira zochepa kuposa wina aliyense pa mzere wonsewo, ndipo ndi yekhayo amene amalandidwa njinga.

Tsono funso limene landisowetsa tulo ndi ili: kodi atsibweni angawo amasiyana pati ndi bambo a mnyamata wa ku Ngozi uja? Amadziwa kasupe aliyense, phanga lililonse, pamene pamamera utale ndi manyame mvula ikagwa, mtengo wa msuku wotsekemera, kumene njuchi zimakonda, nyengo ya matondo. Nzeru zonsezi palibe amene anawalipirapo ngakhale tambala. Chimene dziko linawauza kuti lingagule kwa iwo ndi thumba la makala basi.

Wina anena kuti a Tanzania ali ndi mwayi, Mulungu anawapatsa nyanja pamwamba pa phiri, nanga ife tionetsa chiyani? Nzoona, kuno kulibe phiri lophulika. Ngala, Bunda ndi Nkhoma ndi miyala yolimba imene inatsala chiimire pamene mvula ya zaka zosawerengeka inakokolola dothi lozungulira. Koma tiyeni tiwerenge zimene tili nazo, tisanayambe kudzimvera chisoni.

M'mapiri a Dzalanyama momwemo muli Kaphirintiwa, pamene makolo athu Achewa amati Chauta anatsitsira mwamuna ndi mkazi oyamba pamodzi ndi nyama zonse, thanthwe likadali lofewa, mapazi awo nkudindika pomwepo. Amati onse ankakhala mwamtendere mpaka tsiku limene munthu anapekesa moto nkuyatsa tchire. Nyama zinathawa, galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Taganizani, nthano ya chiyambi cha mtundu wathu ndi nthano ya moto wolusa m'nkhalango yomweyi! Kumunsi kwake kuli Msinja, kachisi wa mvula wa Makewana, kumene mafumu akutali ankatumiza nsembe chilala chikavuta, mpaka nkhondo za Angoni za m'ma 1800 zinabalalitsa anthu ake. Ajeremani a ku Masoko ndi chuma chawo cha m'madzi angapose nkhani zimenezi?

Ndikufunseni inu a ku Lilongwe: ndani mwa inu anafikako ku Kaphirintiwa? Ine ndinayesapo kamodzi ndi mnzanga. Tinalowa m'nkhalango opanda wotitsogolera, poti panalibe pofunsa, ndipo tinasochera tsiku lonse m'tinjira ta anthu a makala, tina tothera pa uvuni wofuka, tina pa zitsa. Amene anatitulutsa ndi mayi wina wotola nkhuni, amene poyamba anataya mtolo nkuthawa poganiza kuti ndife a zankhalango. Tinamupatsa kangachepe ndipo anakana katatu, ati kusonyeza munthu njira salipiritsa.

Bwerani kuno kwathu. Phiri la Ngala, lija lili ndi kukamwa kwa mwala mukamapita ku Dedza, aliyense wa m'basi amaliloza koma ndi angati anatsikapo? Bunda pamwamba pake umaona chigwa chonse cha Lilongwe, ndipo anthu amagona komweko kupemphera, monga makolo ankapempherapo mvula kalelo. Ku Nkhoma, kumene amishoni a Dutch anakhazikika mu 1896, kuli phiri lokwereka tsiku limodzi ndi kanyumba kogona okwera mapiri. Mukapitirira pang'ono muli ku Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za pa miyala amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ku Dzalanyama komweko kuli kanyumba ka alendo, ndipo azungu amachoka kutali ndi makamera kudzafuna gogomole wina wosowa wotchedwa Stierling's woodpecker, mbalame imene ana athu amailasa ndi legeni osadziwa kuti wina wakwerera ndege.

Zonsezi zili pa mtunda woti munthu wonyamuka m'tauni m'mawa madzulo wabwerera. Ndipo okwera mapiri si azungu okha masiku ano. Loweruka lililonse mumaona magulu a achinyamata a m'tauni, zovala zolimbitsira thupi, mabotolo a madzi m'manja, akukwera Bunda kapena Nkhoma nkumadzijambula za pa Facebook. Amafika pa galimoto, zakudya agula kale m'tauni, akwera, atsika, apita. Mudzi wa m'tsinde umatsala ndi mapepala a bisiketi ndi ana othamangira galimoto kupempha. Pamenepa ndiye pamandipweteka ine, chifukwa msika wafika kale pakhomo, koma palibe amene anayala mphasa.

Sitikusowa kopita kukaphunzira. Ku Mulanje anyamata otsogolera alendo ndi onyamula katundu ali ndi bungwe lawo, amalandira alendo mosinthana, mitengo yake ndi yodziwika, ndipo chaka chilichonse amachita mpikisano wothamanga pa phiri umene dziko lonse limaumva. Chingalephereke nchiyani kwa Chadza, kwa Chiseka kapena kwa Masula? Sindikunena za hotela ya nyenyezi zisanu kapena msonkhano wina wa ku Mangochi wodyera maalawansi. Ndikunena za njira zitatu kapena zinayi zolambulidwa bwino, chikwangwani pa msewu, kabuku kolembamo alendo kwa anyakwawa, mtengo umodzi wodziwika kwa aliyense, risiti, ndi lamulo loti wolowa m'nkhalango atenge wotsogolera wa m'mudzi womwewo. Oyamba kulembedwa akhale omwe aja a makala, poti ndiwo eni njira. Gawo la ndalama litsale m'mudzi poyera, anthu alione ndi maso kuti mjigo uwu wakonzedwa ndi phiri. Masukulu a m'tauni amene amatengera ana ku nyanja chaka ndi chaka, tsiku limodzi awatengere kumene madzi a mu mpopi wawo amachokera.

Ndisakunamizeni ngati wandale pa msonkhano. Alendo okwera mapiri sangadyetse anthu onse amene akudalira makala a Dzalanyama. Mwina angalembe ntchito makumi angapo, pamene ootcha ndi ochuluka zedi. Bola gasi akhale wotsika mtengo ndipo magetsi aziyaka, apo ayi mbaula ipitiriza kulamula. Ntchito yopopa madzi kuchokera ku Salima, mtunda woposa makilomita 100 chokwera, mwina idzathandiza mzinda, koma sidzabweza kasupe wa mayi wa kwa Masula, ndipo ndikuopa kuti akuluakulu akadzayamba kumwa a ku nyanja adzaiwaliratu kuti Dzalanyama iliko. Chimene ndinaona ku Ngozi nchaching'ono: munthu mmodzi m'mudzi amene mtengo ukagwa amamva kuwawa m'thumba mwake. Msilikali amabwera nkupita. Uyo amagona pompo.

Sabata yatha ndinabwererako kwa atsibweni ndi shuga ndi sopo. Ndinawapempha kuti mvula ikatha anditengere ku Kaphirintiwa, ine ndi anzanga anayi a m'tauni, ndipo tidzawalipira tsiku lonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kulipira kuyenda chabe? Osanyamula kanthu?"

Ndinati eya, kuyenda chabe, ndi kutiuza maina a mitengo.

Anaseka mpaka kutsokomola, nkuitana akazi awo kuti adzamve misala ya ophunzira. Kenaka anafunsa kuti anzangawo ndi a miyendo yotani, chifukwa njira yachidule ili ndi chitunda, ndipo yoyenda bwino ija imadutsa pamene iwo anaotchapo uvuni zaka zapitazo, sakufuna alendo akaone zitsa. Tagwirizana za mwezi wa May. Ati ndiwapezere nsapato, nambala 8, ndipo anzangawo asadzabwere ndi wailesi.